Makina Amene Anachedwa Kulankhula

Nkhani iyi ndi ya inu amene munapitapo kwinakwake abale akukuperekezani ndi chimwemwe, n'kubwerako manja ali m'khosi. Ndikuchenjezerenitu, si yokoma yokhayokha. Koma iwerengeni mpaka kumapeto.

Panali mtsikana wina amene kwawo ankamutchula kuti Mzime, poti ndiye anali wotsiriza kubadwa. Anapita kukoleji kukaphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Phunziro limodzi linamukanika. Analibwereza, linamukanikanso, ndipo akukoleji anamuuza kuti alongedze.

Anafika pakhomo ndi chikwama cha zovala komanso laputopu yakale yothyoka msana, yoti poigwiritsa ntchito umayenera kuitsamiritsa kukhoma. Amayi ake sanamukalipire. Anangolandira chikwamacho n'kunena kuti, "Bedi lako likadali pomwe paja." Mzime ankalakalaka akanangomukalipira.

Anapeza ntchito pashopu yochita fotokope. Tsiku lonse ankakhalira kujambula masatifiketi a anthu ena. Akaona mnzake wa kukoleji akulowa, ankawerama ngati akuchotsa pepala lomwe lakodwa m'makina, n'kukhala choweramacho mpaka munthuyo atatuluka.

Mlongo wake wamkulu anali telala, ndipo anthu onse ankangowatchula kuti Atelala. Ndiwo anamukakamiza kupita kukoleji, moti anali atagula kale nsalu yoti adzamusokere diresi ya tsiku lomaliza maphunziro. Atamva zomwe zinachitika, nsaluyo anasokera makatani a mushopu mwawo.

"Taona, Mzime," anatero, "zenera langa lamaliza maphunziro iwe usanamalize."

Ankafuna kumuseketsa. Mzime sanaseke.

Atelalawa anali ndi chinthu china chimene ankachikonda kuposa kusoka. Loweruka lililonse masana ankatseka shopu, n'kuchotsa nsalu patebulo lalikulu lodulirapo. Kenako ankabwera anzawo atatu: Adalaivala a basi, Anamwino a pachipatala chapafupi, ndi Wometa wa pashopu yoyandikana nayo. Ankasewera masewera a nthano.

Masewerawo amayenda chonchi. Aliyense amasankha munthu wa m'nthano woti akhale iyeyo. Adalaivala anali chimphona chonyamula nkhwangwa. Anamwino, amene kuntchito sanabepo ngakhale thonje, anali mbava yotchuka. Wometa anali woyimba, ndipo ankaumirira kuyimbadi, anzake n'kumatseka m'makutu. Atelala ndiwo anali mtsogoleri. Ankafotokoza dziko lonse la m'nthanomo, ankalankhula m'malo mwa alonda ndi zilombo, ankajambula misewu ndi choko patebulo. Mabatani a malaya ankakhala asilikali, mabobini a ulusi ankakhala nsanja.

Munthu wa m'nthano akafuna kuchita chinthu chovuta, monga kukwera khoma kapena kupusitsa mlonda, luso lake limayesedwa. Mtsogoleri amasankha nambala yoti ifikidwe. Wosewera amaponya dayisi ya mbali makumi awiri, n'kuphatikizapo manambala a luso la munthu wakeyo. Zikafika pa nambala ija, wakwanitsa. Zikapanda kufika, zavuta.

Mzime ankapitako nthawi zina, koma osasewera. Ankakhala pakona, n'kumaonerera akuluakulu a ntchito zawo akukuwa chifukwa cha batani.

Tsoka silinunkha. Atelala anali ndi matenda a shuga, ndipo matendawo anayamba kuwadya maso. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi pasingano. Kenako makasitomala anayamba kubweza mathalauzi a miyendo yosiyana. Mapeto ake vutolo linafika patebulo la Loweruka.

Tsiku lina Anamwino anaponya dayisi. Atelala anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza tebulo.

"Fifitini?" anafunsa.

Inali faifi. Adalaivala anayang'ana anzawo, n'kuyankha kuti, "Eya, fifitini."

Atelala anaweramuka. "Adalaivala, mawu anu akwera. Mukamanama mumatero. Chonde, mundimvere chisoni kulikonse, koma osati patebulo pano."

Anthu atapita anaitana Mzime. Anamupempha kuti awapangire kena kake pakompyuta, koti kaziwathandiza kuwerenga ndi kuphatikiza manambala.

"Achimwene, ine anandithamangitsa chifukwa cha zimenezo."

"Anakuthamangitsa kukoleji. Muno sanakuthamangitse munthu."

Mzime anavomera monyinyirika. Anaganiza kuti njira yachidule ndi kungochotseratu madayisiwo. Analemba pulogalamu yoti izisankha yokha nambala, iziphatikiza yokha, kenako izinena mokweza ngati munthu wakwanitsa kapena ayi. Kwa nthawi yoyamba chibwerere, anamva kanyadira kakang'ono mumtima.

Loweruka linafika. M'nthanomo, anthu atatu aja anali pachitseko cha nsanja chokhomedwa ndi loko. Mbava ya Anamwino inayesa kutsegula lokoyo ndi kawaya. Mzime anadina batani, ndipo laputopu inalankhula ndi mawu ouma, odulizadula ngati mlendo wophunzira chilankhulo: "Wa-le-phe-ra."

Chimphona cha Adalaivala chinayesa kuthyola chitsekocho. "Wa-le-phe-ra."

Wometa anati ayese kuchiyimbira. "Wa-le-phe-ra."

Nthano inaima pamenepo ngati basi yothera mafuta pachitunda. Adalaivala ankangotembenuza dayisi yawo m'manja, osadziwa chochita nayo.

"Mlongo, makina anuwa ndi anzeru," anatero mwaulemu. "Koma ife timabwerera kanthu aka. Ndikalakwa, lilakwe dzanja langa."

Wometa, pofuna kupepuza zinthu, anatsina mphuno n'kuyamba kutsanzira laputopu ija. Onse anaseka. Iwo ankaseka makina, koma Mzime ankamva mawu omwe aja a kukoleji akunenedwa pagulu. Anatseka laputopu.

Anzawo atachoka, Atelala analankhula naye modekha. "Wayamba bwino, Mzime. Zinthu ziwiri zokha. Dayisi izikhala m'manja mwa munthu. Chachiwiri, ine sindinena kuti walephera n'kukhala chete. Ndimati, chitseko chatseguka, koma chalira ndipo alonda amva. Kapena ndimati, loko wakana, koma pamwamba waona zenera. Munthu akagwa, nthano iziyendabe."

Anali malangizo abwino. Koma mtima wa Mzime unali ukuwira ndi manyazi.

"Ngati mukudziwa zonse, muziwerenga nokha madayisi anuwo."

Mawuwo anatuluka. Atelala anapapasa patebulo kufunafuna choko chimene chinali pafupi ndi dzanja lawo.

"Chabwino, Mzime," anatero.

Madzi akatayika saoleka. Mzime anadziwa nthawi yomweyo kuti walakwa, koma sanapepese. Anaganiza zopepesa ndi ntchito m'malo mwa mawu. Anati apanga chinthu chabwino kwambiri, chopanda cholakwika chilichonse, adzachiike patebulo paja, ndipo achimwene ake adzamvetsa okha.

Anatenga foni yakale n'kuimangirira pamwamba pa katoni, kamera yake itayang'ana pansi. Cholinga chinali choti munthu aziponya dayisi yake yeniyeni m'katonimo, kamera iziwerenga nambala, kompyuta iziphatikiza luso n'kunena mokweza. Ankagwira ntchitoyi pa nthawi yopuma masana komanso Lamlungu. Kamera inkasokoneza sikisi ndi naini. Mthunzi ukagwera m'katoni, inkawerenga zakezake. Ankakonza apa, n'kuphulika apo.

Kushopu kwa Atelala anasiya kupitako.

Lamlungu lina Atelala anabwera kudzaona amayi, atagwira paphewa pa Wometa. Anaima pakhomo la chipinda cha Mzime.

"Amayi akuti masiku ano ukumacheza ndi katoni."

"Sinathe, achimwene."

"Bwera nayo momwemo. Ikalakwitsa tiseka."

"Ndibwera nayo ndikamaliza."

Anamupemphanso kangapo, ndipo yankho linali lomwelo. Akuluakulu anati zengerezu adalinda kwawukwawu. Miyezi inadutsa. Anamwino ndiwo ankawawerengera madayisi, koma Atelala ankatopa msanga, ndipo Loweruka lina ankangogona. Kenako impso zinafooka, ndipo anawagoneka m'chipatala.

Mzime ankapita kukawaona limodzi ndi amayi. Ankawakonzera pilo, ankawapatsa madzi, ankakamba za nyengo. Za mawu aja sanatchule. Mumtima ankati akatuluka.

Masana ena pulogalamu ija inawerenga dayisi bwinobwino, kuponya kulikonse. Mzime anapempha abwana ake kuti achoke msanga, ananyamula laputopu ndi katoni, n'kuthamangira kuchipatala. Anakumana ndi Anamwino pakhomo la wodi. Anamwinowo anayang'ana katoniyo, n'kuyang'ana pansi.

"Kuyambira m'mawa sakuyankha," anatero.

Mzime analowabe. Anaika katoni pakatebulo ka pambali pa bedi. Anatenga dzanja la achimwene ake, anaikamo dayisi, analifumbatitsa, n'kulipendeketsa kuti dayisiyo igwere m'katoni.

"Seventini," inatero laputopu.

"Achimwene, mwamva? Yawerenga. Achimwene?"

Atelala ankapuma pang'onopang'ono, maso ali otseka. Mzime anapepesa tsiku limenelo, anapepesa mobwerezabwereza, koma palibe amene angatiuze ngati anamva. Posakhalitsa anamwalira.

Maliro atatha, Mzime anaponya katoni ija pansi pa bedi. Shopu ya Atelala inabwezedwa kwa mwini nyumba. Makina osokera anapita kwa msuweni wina. Tebulo lalikulu lija linasowa wolitenga, ndipo linkangokhala pakhonde la shopuyo.

Loweruka lina anthu atatu aja anafika pashopu ya fotokope. Anaima pamzere ngati makasitomala.

"Mlongo," anatero Adalaivala, "achimwene anu atisiya pamlatho."

Mzime sanamvetse. Anamufotokozera kuti tsiku lomaliza kusewera, anthu awo a m'nthano anali pakati pa mlatho wa zingwe, adani ali kumbuyo. Nthano inathera pomwepo.

"Usiku ndi usana chimphona changa chili lende pamenepo," anatero Adalaivala. "Tiwolotseni."

"Ine sindingathe. Sindine iwo aja."

"Palibe wanena kuti ndinu iwo," anayankha Anamwino. "Koma munakhala pakona paja nthawi yaitali. Munamva zambiri kuposa mmene mukuganizira."

Abwana a pashopupo anavomera kuti tebulo lilowe m'chipinda chakumbuyo, bola asamakhudze mapepala awo. Adalaivala ndi Wometa analinyamula okha, akutsutsana njira yonse za amene wagwira mbali yolemera.

Tsiku loyamba Mzime anatsogolera moipa kwambiri. Ankaponyetsa dayisi pa chilichonse, ngakhale kumanga chingwe cha nsapato. Woyimba wa Wometa anagwa pamlatho n'kufa chifukwa cha kuponya kumodzi kumene Wometayo ankaganiza kuti n'kwamasewera chabe. Wometa anasiya nthabwala zake, chinthu chimene anthu anali asanachionepo.

Mzime anafuna kutseka laputopu n'kuthawa ngati kale. Dzanja linafika pachivindikiro. Koma ulendo uno anafunsa funso.

"Achimwene akanatani pamenepa?"

Anamwino anayamba. "Asanakuponyetse, ankayamba akuuza chimene utaye. Ankati, ukaterereka apa, chingwe chiduka. Ndiye umaponya ukudziwa. Zikavuta sukwiyira munthu."

"Komanso chinthu chosavuta sankatiponyetsa," anawonjezera Adalaivala. "Chimphona sichiponya dayisi kuti chinyamule mpando."

Kenako Wometa analowererapo. "Ankamvetsera," anatero. "Ndikanena zopusa lero, Loweruka linalo ndinkazipeza zalowa m'nthano."

Mzime anayang'ana patebulo, n'kupuma kwambiri. "Woyimba wagwadi," anatero. "Koma lamba wa gitala yake wakodwa pamuzu wa mtengo, pansi pa mlatho. Adani sakumuona. Iye akuwaona mapazi."

Wometa anadzuka pampando n'kuyamba kuyimba. Tsiku limenelo palibe anatseka m'makutu.

Kuyambira pamenepo Mzime ankabwera ndi pulogalamu yake Loweruka lililonse, kaya yatha kaya sinathe. Zimene anzake a Atelala anamuphunzitsa anazilowetsamo. Asanaponyetse munthu dayisi, kompyuta inkayamba yamufunsa iyeyo pasikirini kuti, zikavuta chichitike n'chiyani? Akasowa yankho, ankadziwa kuti pamenepo sipofunika dayisi. Anaikamonso zoti munthu akaphonya nambala pang'ono, kompyuta izimukumbutsa mtsogoleri kuti angathe kunena kuti wakwanitsa, koma pali mtengo wake. Mawu aja oti walephera anawachotsamo. Makina ankangonena nambala, zotsalazo n'kusiyira pakamwa pa munthu.

Anawoloka mlatho uja. Anapitirira, n'kuyamba nthano ina.

Tsiku lina Anamwino anabwera ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito amene anasiya kuona. Chisiyireni kuona anali asanatuluke m'nyumba kupatula popita kuchipatala. Mzime anawapatsa munthu wa m'nthano, woponya mivi, n'kuwaika dayisi m'manja. Anaponya. Dzuwa linali litalowera pazenera n'kuwalira m'katoni, ndipo laputopu inalengeza molimba mtima nambala imene padayisipo palibe.

Mzime anayamba kupepesa. Koma Aphunzitsiwo anaseka mpaka misozi.

"Makinawa nawonso ali ndi vuto la maso!" anatero. "Tigwirizana. Bweretsani ndiponyenso."

Onse anaseka. Mzime anapempha kuti atuluke pang'ono. Anakaima kuseri kwa shopu, pafupi ndi mulu wa makatoni, n'kulira kuposa mmene analirira pamaliro. Anali ataona ndi maso ake chimene chikanachitika akanapita nayo pamene achimwene ake ankamupempha. Akanaseka basi. Akanaseka, n'kuponyanso.

Atapukuta misozi analowa, anaika nsalu pazenera, ndipo masewera anapitirira.

Aphunzitsi aja atayamba kutuluka m'nyumba, anakauza anthu a kumalo ophunzitsira anthu osaona. Posakhalitsa Mzime anaitanidwa kumeneko. Anakumana ndi anthu amene sankafuna kungosewera, ankafuna kutsogolera. Choncho anawonjezera zoti mtsogoleri azimva nambala zachinsinsi kudzera m'mahedifoni, osewera osamva. Anawonjezeranso zoti kompyuta izimunong'oneza ngati nambala imene wasankha yachuluka kapena yachepa poyerekeza ndi luso la wosewera, kuti asamaike khoma limene palibe angalikwere.

Sizinayende mosalala. Laputopu ija inafa, ndipo anakhala nthawi akubwereka ya Anamwino. Ataika pulogalamuyo pa intaneti kuti aliyense aitenge, ena anaitukwana kuti ndi yosalongosoka. Ankawerenga, kumuwawa, n'kusankhamo zoona n'kukonza. Ena ankamulembera zothokoza. Bambo wina anamuuza kuti anali atasiya kutsogolera masewera a ana ake maso atayamba kuvuta, koma tsopano wayambiranso.

Kampani ina yopanga zipangizo zothandiza anthu osaona inaona ntchito yake n'kumuitana. Pomufunsa mafunso, anawauza zoona zokhazokha, kuti kukoleji anachotsedwa. Anamulembabe ntchito. Pambuyo pake analembetsa maphunziro a kumapeto kwa sabata pakoleji ina, anakumananso ndi phunziro lomwe lija, ndipo anakhoza. Amayi ake, amene sanalankhulepo za kulephera kwake, atamva za kukhozako analankhula tsiku lonse, mpaka kuuza ndi anthu odutsa mumsewu.

Lero Mzime amaphunzitsa atsogoleri a masewerawa, oona ndi osaona omwe. Amawaphunzitsa nthawi yoponyetsa dayisi ndi nthawi yongoti chita. Amawaphunzitsa kuchenjeza wosewera asanaponye, ndiponso kuti kompyuta ndi yowerengera, si yosimba nthano. Anthu amamuwombera m'manja. Iye amangoti zikomo, osawonjezera zambiri.

Wina anamufunsapo kuti n'chiyani chinamuvuta kwambiri popanga pulogalamuyo. Ankayembekezera kumva za kamera kapena za manambala.

"Pulogalamu inali itakwanira kalekale," anayankha Mzime. "Chimene chinali chisanathe ndi manyazi anga. Ndinkafuna kuoneka wokhoza pamaso pa munthu amene ankandikonda ndili wolephera."

Anzanga, Mzime anadzuka, ndipo inunso mungathe kudzuka. Kuchotsedwa sukulu, kutha kwa ntchito, kusekedwa pagulu, zonsezi zimapweteka koma sizimaliza munthu. Koma ndingakunamizeni nditanena kuti kupambana kumabweza chilichonse. Ntchito anaipeza, satifiketi anaipeza. Masana a Loweruka amene akanakhala pambali pa achimwene ake, amenewo sadzabweranso.

Choncho ngati mwagwa, musataye mtima, dzukani. Koma musadikire kuti muyambe mwawala musanabwerere kwa anthu amene amakukondani. Iwo sakudikira satifiketi yanu, akudikira inuyo. Ngati alipo amene munamulankhula mawu olasa ndipo akadali ndi makutu omva, valani nsapato. Pitani lero.